Musanamizire Nyanja

Ndatopa nawo andale otiuza kuti Zambia ndi yosauka chifukwa ilibe doko. Bodza! Mauritius ndi Comoros ndi zilumba za m'nyanja imodzi ya India. Mauritius, italandira ufulu mu 1968, inatenga ndalama za nzimbe n'kumangira mafakitale a zovala, ndipo mu 1977 sekondale inakhala yaulere. Ku Comoros, chilandirireni ufulu mu 1975, asilikali akhala akulanda boma kambirimbiri, achinyamata n'kumamira m'mabwato pothawira ku Mayotte. Nanga nyanja yawathandiza chiyani?

Kuno ku Tamanda timalima nshawa, mavenda n'kutigula motchipa, ife n'kukagula chiponde cha m'botolo modula ku Chipata. Anzanga, wofuna voti yanu mumufunse za fakitale ya nshawa. Akayamba za doko, musiyeni alankhule yekha.