Oda ya madola 60, m'thumba mulowe 43: za ogulitsa maluwa kummwera kwa United States

M'matauni ang'onoang'ono a kummwera kwa dziko la United States, m'madera monga Mississippi, Alabama, Georgia ndi Tennessee, shopu ya maluwa nthawi zambiri imakhala ya banja: mayi mmodzi, omuthandiza awiri, firiji yaikulu ndi kagalimoto koperekera katundu. Ndalama zambiri sazipeza kwa wodutsa pamsewu. Amalandira oda pafoni, kumanga maluwawo bwinobwino n'kukawatula komwe akufunika, kaya ndi pamaliro, kutchalitchi, kuchipatala kapena pakhomo pa gogo amene ana ake anapita kukagwira ntchito ku Atlanta kapena ku Houston. Mashopu oterewa akutha. M'dziko lonselo chiwerengero chawo chatsika ndi pafupifupi theka kuchokera m'zaka za m'ma 1990. Masitolo akuluakulu ngati Walmart ndi Kroger, omwe amagulitsa maluwa motchipa pafupi ndi buledi, ali ndi mbali yawo pa vutoli. Koma chomwe wamalonda aliyense ayenera kuchiyang'ana bwino ndi munthu wapakati amene anadzaima pakati pa mwini shopu ndi kasitomala wake.

Wapakatiyu anayamba bwino. Mu 1910 ogulitsa maluwa angapo anakumana ku Rochester, ku New York, n'kukhazikitsa bungwe lomwe lero limadziwika kuti FTD. Maganizo ake anali osavuta. Duwa silingayende masiku atatu pasitima osafota, koma uthenga wa telegalamu umayenda. Choncho munthu ankalipira pa shopu ya kwawo, shopuyo n'kutumiza uthenga kwa mnzake wa tauni yakutali, ndipo mnzakeyo ankamanga maluwa n'kukapereka. Lero watumiza oda, mawa walandira oda, ndipo ndalama zinkazungulira pakati pa anthu a ntchito imodzi. Mu 1934 kunabweranso kampani ina yotere, Teleflora.

Kagawidwe ka ndalama komwe kanazolowereka ndi aka: wolandira oda kwa kasitomala amatenga 20 pa 100 iliyonse, kampani yolumikiza imatenga pafupifupi 7, ndipo womanga maluwa ndi kukapereka amatsala ndi 73. Pa oda ya madola 60, mwachitsanzo, 12 yapita kwa woyamba, 4.20 kwa kampani, ndipo shopu yatsala ndi 43.80. Pa ndalama imeneyi mpomwe achotse mtengo wa maluwa, botolo loikamo, riboni, khadi, malipiro a womanga ndi mafuta a galimoto. Pamwamba pa izi pali ndalama ya umembala yomwe shopu imalipira mwezi ndi mwezi, oda ibwere kapena isabwere.

Pamene aliyense ankatumiza ndi kulandira, masamuwa ankakwanirana. Zinasokonekera pomwe manambala a foni aulere ndi intaneti zinabwera. Kunabadwa makampani ongotolera maoda, omwe alibe firiji, alibe galimoto, sagwirako ngakhale tsamba limodzi. Amalipira kuti dzina lawo lizionekera pamwamba munthu akafufuza pa Google, ena n'kumalemba dzina la tauni yomwe sanapondeko kuti azioneka ngati a konko. Amatenga 20 yawo, amalipiritsanso kasitomala ndalama ina yapadera yomwe shopu siimvako n'komwe fungo lake, kenako oda ija n'kuiponyera kwa mayi uja wa m'tauni. Madera ena, kuphatikizapo Texas, anachita kukhazikitsa malamulo oletsa wogulitsa maluwa kunama za komwe shopu yake ili. Zotsatira zake n'zoti shopu ya m'tauni yaing'ono inasanduka yongolandira. Ntchito yonse ndi yake, madandaulo onse ndi ake, koma dzina ndi nambala ya wogula zili kwa wina. Kasitomala amene walipira madola 80 n'kuona maluwa a madola 40 sakwiyira kampani ya pa intaneti. Amakwiyira dzina lomwe lalembedwa pa galimoto yomwe yafika pakhomo.

Pamenepa n'pofunika kufunsa kuti mpamba weniweni wa shopu yotere n'chiyani. Maluwa enieniwo ndi ofanana kulikonse. Ambiri mwa maluwa odula omwe amagulitsidwa ku United States amachokera kunja, makamaka ku Colombia ndi ku Ecuador, ndipo pafupifupi onse amatera pa bwalo la ndege la Miami asanakwere mathiraki a firiji. Malondawa anakula kwambiri kuchokera mu 1991 pomwe boma la United States linachotsa msonkho pa katundu wambiri wa maiko a kumeneko. Rozi la pa shopu ya ku Alabama ndi rozi la mu supamaketi mwina anadulidwa pa famu imodzi. Pa mtengo wa duwa lokha, wamng'ono sangapambane.

Chomwe ali nacho, chomwe wa pa intaneti sangachigule, ndi kudziwa anthu. Kummwerako tchalitchi ndi maliro zimatenga malo aakulu pa moyo wa tauni. Ngakhale kutentha mitembo kwafala m'dzikolo, madera monga Mississippi ndi amene anthu ambiri amaikabe m'manda, ndipo maliro oika m'manda amafuna maluwa a pabokosi, nkhata ndi miphika ya maluwa ya kutchalitchi. Mwini shopu amadziwa kuti m'tauni muli matchalitchi awiri a Baptist a mayina ofanana, ndipo amadziwa kuti banja lofedwalo limapemphera kuti. Amadziwa nthawi yomwe oyendetsa maliro amafuna maluwa akhale atafika, anthu asanayambe kubwera kudzaona nkhope. Amadziwa kuti nyumba ya mayi wamasiye uja ili kumapeto kwa msewu wafumbi umene mapu a pafoni amasocheretsa, ndiponso kuti pakhomopo pali galu. M'matauni ena mawayilesi a m'deralo amawerengabe mauthenga a maliro m'mawa, ndipo wogulitsa wochenjera amakhala atatchera khutu kuti aonjezere oda ya maluwa oyera foni isanayambe kulira. Mabanja odziwika amatenga pangongole n'kulipira pakutha pa mwezi, chifukwa anthuwo amakumana Lamulungu lililonse ndipo wothawa ngongole alibe kobisala.

Kalendala ya malonda nayo ndi ya komweko. Kupatula 14 February ndi tsiku la amayi, lomwe kumeneko limakhala Lamulungu lachiwiri la mwezi wa May, kumapiri a Appalachia ndi kumidzi yambiri ya kummwera kuli mwambo wa Decoration Day. Manda aliwonse ali ndi tsiku lake, makamaka pakati pa May ndi September, pomwe abale amabwera kuchokera kutali kudzalambula, kuika maluwa atsopano, kuimba ndi kudyera limodzi pabwalo. Ambiri amagula maluwa a nsalu kapena apulasitiki chifukwa dzuwa la kumeneko limapha duwa lenileni tsiku limodzi. Ku Texas, nyengo ya mpira wa m'masukulu a sekondale, atsikana amavala chimaluwa chachikulu chopanga, chodzaza mariboni ndi timabelu, chomwe amachitcha mum, ndipo ena amalipira madola oposa 100 pa chimodzi. Wokhala mu ofesi ya kutali, woyankha foni za dziko lonse, sangadziwe kuti manda akutiakuti tsiku lawo ndi sabata yamawa.

Ena anganene kuti popanda makampani olumikizawa shopu ya kumudzi singapeze maoda akutali, ndipo oda ya phindu lochepa iposa kukhala manja lende. Mfundoyi ili ndi mutu pang'ono. Mwezi wa July, ukwati kulibe, maliro achepa, maluwa akufota m'firiji, oda ya madola 43 ikhoza kupulumutsa katundu amene akanatayidwa. Koma pa sabata ya Valentine, pomwe rozi lakwera mtengo kwa woodetsa ndipo manja ndi ochepa, oda iliyonse ya wapakati imalanda malo a kasitomala wolipira mtengo wonse. Kutanganidwa kumanyenga. Shopu ikhoza kugwira ntchito mpaka pakati pa usiku, galimoto osazima, koma powerengera n'kupeza kuti yagwirira ena ganyu. Ndipo wapakati naye si thanthwe. FTD yomweyo, itatha zaka zoposa 100, inalengeza mu 2019 kuti yalephera kubweza ngongole zake ndipo inagulitsidwa zidutswazidutswa.

Mashopu omwe akulimba ndi amene anayamba kuwerengera oda iliyonse payokha. Ena anatuluka m'makampaniwa. Ena anatsalamo koma amakana oda yomwe ili pansi pa mtengo womwe anadziikira, kapena yopita kutali kwambiri. Ndalama yokaperekera amaiika padera malinga ndi mtunda, m'malo moibisa mu mtengo wa maluwa, chifukwa ulendo wa makilomita 30 kupita ndi 30 kubwerera sungafanane ndi kuwoloka msewu. Pa maluwa alionse amamatapo khadi la dzina ndi nambala ya shopu, kuti wolandira akadzafuna kutumizira wina adzaimbe mwachindunji. Ndipo amalemba m'buku: uyu anataya mwamuna mwezi wakuti, uyu amatumizira amayi ake chaka chilichonse, uyu sakonda maluwa achikasu.

Wogulitsa nkhata za maliro ku Limbe kapena ku Lilongwe nkhaniyi siingamudabwitse. Nayenso masiku ano amalandira oda kuchokera kwa m'bale wa ofedwa amene ali ku Johannesburg, ndalama n'kubwera pa Mpamba kapena pa Airtel Money, katundu n'kupita pa kabaza. Nayenso amakumana ndi munthu amene wajambula nkhata zake, kuziika pa Facebook ngati zake, n'kubwera kudzanenerera mtengo kasitomala atamulipiritsa kale kawiri. Munthu wotere si wothamangitsa, poti wabweretsa malonda. Koma mtengo womupatsa uziwerengedwa waya, maluwa, riboni ndi kabaza zitachotsedwa kale, ndipo nambala ya wopanga nkhatayo izipita limodzi ndi katundu.

Pa kasungidwe, zomwe amachita a kummwera kwa United States zimagwiranso ntchito pamsika wopanda firiji. Ndowa izikhala yotsukidwa bwino, madzi azisinthidwa, mapesi azidulidwanso kunsi ndi mpeni wakuthwa, ndipo masamba onse omwe angamire m'madzi azichotsedwa chifukwa ndi amene amaoletsa madziwo. Maluwa asakhale padzuwa, ndipo asayandikane ndi nthochi, mapeyala kapena tomato zomwe zikupsa, chifukwa zipatsozi zimatulutsa mpweya umene umafotetsa maluwa msanga. Amene benchi lake lagundana ndi la wogulitsa nthochi ndi bwino apemphe kusinthana malo.