Ziwerengero za m'makomo zisamangopikisanitsa akunja okha

Anthu ambiri a pa Santhe, Chamama ndi Nkhamenya amawadziwa alendo aja amene amafika pakhomo n'kuyamba kufunsa zomwe banja ladya sabata yathayi, ndalama zomwe zapita ku sopo, mchere ndi kuchigayo, ngakhalenso ngati denga ndi lamalata kapena laudzu. Alendowa amatumidwa ndi ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya National Statistical Office ya ku Zomba, pa kafukufuku wotchedwa IHS. Woyamba adachitika mu 1997/98, ndipo wa 2019/20 adafikira mabanja oposa 11,000 n'kupeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osauka.

Koma mayankho aja akachoka pakhomo amakathera kuti?

Mu 2018, Banki Yaikulu Padziko Lonse pamodzi ndi kampani ya DrivenData idachititsa mpikisano wa pa intaneti. Akatswiri a masamu adapatsidwa mayankho a kafukufuku wamtunduwu kuti apeze njira yodziwira banja losauka pongofunsa mafunso ochepa. Akatswiri a bankiyi adagwiritsanso ntchito mayankho a IHS ya 2010/11 poyesa njira zoterezi pa kompyuta.

Iyi si nkhani yamasewera. Masamu ofanana ndi amenewa ndiwo amathandiza kusanja mabanja m'kaundula yemwe boma limasankhamo olandira Mtukula Pakhomo, ndondomeko yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006. Masamuwo akaphonya, gogo wolera ana amasiye amatsalira.

Ndipo ku Kasungu n'kosavuta kuphonya. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka, msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa. Mlimi amagula malata, njinga ndi wailesi mu Juni, koma pofika Febuluwale nkhokwe ili gwa, iye ali pa ganyu m'munda mwa mnzake. Kompyuta ikaona malata aja imati pakhomopa zinthu zili bwino, chonsecho malata sadyedwa. Nanga banja logwira ntchito pa esiteti, lomwe limadya chimanga changongole kudikira kuti bwana agulitse fodya? Lamulo lidathetsa utenanti mu 2021, komabe munthu wofuna kumvetsa mayankho akale a mabanja oterewa ayenera kudziwa kuti chakudyacho chinkadulidwa pa malipiro a kumapeto kwa nyengo. Katswiri wa ku London kapena Beijing, kaya masamu amawadziwa chotani, izi sangazilote.

Mwana wobadwira kwa Kaomba amene akuphunzira masamu ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu amazidziwa, chifukwa fizi yake imadikira mabelo omwewo. N'chifukwa chake ofesi ya ziwerengero ndi sukulu zaukachenjede zikuyenera kukonza mpikisano wa kuno kwathu. Mayankhowo alipo kale, maina a eni ake adachotsedwamo, ndipo ofufuza amawapeza ulere pa intaneti. Chofunika n'kupereka funso limodzi lomveka, monga loti ndalama ya fodya imatha mwezi uti pakhomo ndipo imathera pa chiyani, kenako n'kuika kamphoto.

Opambanawo asakangowerenga zomwe apeza m'hotela ku Lilongwe. Akazifotokoze m'Chichewa pamaso pa khonsolo ya Kasungu, mafumu ndi makalabu a alimi, kuti amayi aja amene adasiya mphika pamoto n'kuyankha mafunso kwa maola angapo atsutse pomwe masamu anama.