Mbewa zayankha, koma munthu akudikirabe

Mwana wa ku Golomoti akamazunguza mwamphamvu kachitini ka madzi komangidwa chingwe, madziwo satayika ngakhale kachitiniko kazondoke. Nzeru yomweyi ndi imene ili m'makina a centrifuge, omwe m'malabu a zipatala amazunguza magazi pofuna kuwayeza. Lero makinawa ali pakati pa nkhani yaikulu ya maulendo a mumlengalenga.

Pa International Space Station, yomwe imazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, munthu samva kulemera kwa thupi lake. Mafupa ndi minofu zikasowa katundu wonyamula zimafooka, moti mafupa a m'chiuno amatha ndi 1 peresenti kapena kupitirira apo mwezi uliwonse. N'chifukwa chake okhala kumeneko amalimbitsa thupi maola awiri patsiku, komabe vutoli silitheratu.

Akatswiri amaganiza kuti kuzunguza munthu m'makina otere kungabwezeretse kulemera kosowako. Dziko la Japan lidayamba kupanga chipinda cha centrifuge yaikulu yofufuzira nyama ndi zomera, koma bungwe la NASA lidathetsa ntchitoyi mu 2005 kaamba ka kuchepa kwa ndalama ndi maulendo. Chipindacho chidatsala pansi ku Tsukuba.

Kudatsala timakina ting'onoting'ono. Mu 2016 bungwe la JAXA la ku Japan lidasunga mbewa 12 pasiteshoniyi kwa masiku 35. Inde, mbewa, abale ake a zomwe timakumba m'minda chilimwe. Zisanu ndi imodzi zinkazunguzidwa kuti zizimva kulemera ngati pansi pano, zinazo zinkangoyandama. Zitabwerako, zozunguzidwazo zidapezeka ndi mafupa ndi minofu yolimba, pomwe zinzakezo zidafooka.

Funso latsala n'lakuti, kodi thupi la munthu limafuna kulemera kochuluka bwanji? Ku Mars munthu angalemere 38 peresenti yokha ya mmene amalemerera kuno. Palibe centrifuge yokwana munthu pasiteshoniyi, ndipo NASA ikukonza zoitseka cha m'ma 2030.

Wina anganene kuti izi n'za azungu. Koma amene adadwazikapo mbale kuchipatala cha Mua kapena kumudzi ku Mtakataka akudziwa mmene miyendo imaondera wodwala akakhalitsa pamphasa. Gwero lake ndi lomweli: thupi losanyamula katundu limafota. Yankho likapezeka kumwambako, agogo ndi odwala athu ndiwo angadzapindule nawo.