Chigoli Chikalowa, Wolakwa Ndani?

Mwezi uno tikambirane nkhani imene inayambira pa bwalo la mpira, koma yatitsatira mpaka m'nyumba ya Mulungu.

Loweruka lina m'chilimwe anyamata a mpingo wathu kuno kwa Chikweo analandira anzao ochokera cha ku Ntaja. Anthu anazungulira bwalo lonse, amai ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe anachita malonda abwino, ndipo ana anakwera m'mitengo ya mango kuti aone bwino. Pamene woimbira analiza kherere womaliza, alendo anali atamwetsa zigoli 5, ife chimodzi chokha. Nthawi yomweyo zala zonse zinaloza kumodzi, kwa mnyamata wa zaka 15 amene anaima pagolo. Ena anamutcha dengu lobooka, ena anati wadya ndalama za alendo, ndipo bambo ake omubereka anamukalipira pamaso pa khamu lonse.

M'mawa mwake malo ake m'kwaya anali opanda munthu. Masabata atatu anapita osaonekera ku kalasi. Amai ake anauza anzao a Mvano kuti mwanayo amalawirira ku nyanja ya Chiuta kukathandiza asodzi kukoka makoka, nabwera usiku, poopa kukumana ndi anzake pa msika. Tsono funso limene tikufunsa si la masewera chabe ai, pakuti pa Loweruka limodzi tinatsala pang'ono kutaya mwana wa mpingo.

Kodi n'chifukwa chiani mlandu umagwera goloboyi kawiri-kawiri? Yankho lake n'lapafupi. Iye ndiye munthu wotsiriza amene mpira umamudutsa, ndipo ndi iye yemwe amawerama kukautola mu ukonde anthu onse akuona. Wosewera kutsogolo akaphonya mipata isanu, zigoli sizisintha, ndipo anthu amangoti tsoka. Goloboyi akaphonya kamodzi, cholakwa chake chimalembedwa, nichiulutsidwa, nichikumbukika. Diso la munthu limaona pamene chinthu chathera, koma limachita ulesi kufufuza pamene chayambira.

Akulu a fuko lathu mumasewerawa anakumana nazo zomwezi. Mu Januwale 2010 timu ya Flames inapita ku Angola ku mpikisano wa chikho cha maiko a mu Africa, patatha zaka 26 chipitireni koyamba mu 1984. Mphunzitsi anali Kinnah Phiri, ndipo pagolo panaima Swadick Sanudi. Pa 11 Januwale mumzinda wa Luanda anyamata athu anagonjetsa Algeria 3 kwa 0, timu imene chaka chomwecho inali kupita ku chikho cha dziko lonse lapansi. Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda ndiwo anamwetsa zigolizo. Amene tinazungulira wailesi tsiku limenelo tinavina mpaka usiku, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wonena zoipa za goloboyi amene sanalole mpira kumudutsa.

Patangopita sabata imodzi, pa 18 Januwale, tinakumana ndi Mali ku Cabinda. Mphindi yoyamba isanathe, mpira umene goloboyi wathu anauchotsa pagolo unagwera pa phazi la Frédéric Kanouté, amene anaubwezera mu ukonde ali patali. Pofika mphindi yachitatu Seydou Keita anali ataonjezera chachiwiri. Tinagonja 3 kwa 1, tinatuluka mumpikisano, pamene kungolepherana mphamvu kukanatipititsa mundime yotsatira. Dzina limene linali pakamwa pa anthu m'misika ndi m'mabasi linali la goloboyi. Komatu amene amawerenga bwino amadziwa kuti pakati pa masiku awiriwa tinagonjanso kwa Angola 2 kwa 0, ndipo akulu-akulu a timu yathu anadandaula ku bungwe la CAF kuti sanapatsidwe bwalo lokonzekererapo masewerawo asanachitike. Amadziwanso kuti chigoli cha Keita chinachokera pa mpira wachilango, kutanthauza kuti wina anayamba walakwira mnzake kutsogolo kwa golo. Munthu wake anali yemweyo, manja ake omwewo, pa 11 ndi pa 18 pomwe. Sabata imodzi tinamunyamula pa mapewa, sabata inayo tinamusenzetsa katundu wa anthu khumi ndi mmodzi.

Khalidwe limeneli si la Amalawi okha. Pa 16 Julaye 1950 dziko la Brazil linasewera ndi Uruguay pa bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro, ndipo linangofunika kulepherana mphamvu kuti litenge chikho cha dziko lonse lapansi. Linagonja 2 kwa 1. Goloboyi wao, Moacir Barbosa, amene anatumikira bwino timu ya Vasco da Gama zaka zambiri, anasenza chitonzo cha chigoli chachiwiri cha tsikulo kufikira imfa yake mu 2000. Zaka 50 za manyazi chifukwa cha mpira umodzi! Kodi m'bwalo la milandu la mfumu iliyonse chigamulo chotere chingatchedwe chilungamo?

Malembo Oyera amatidziwa bwino pa nkhani imeneyi. Mu Genesis 3, Mulungu atafunsa za chipatso choletsedwa, Adamu analoza Hava, ndipo Hava analoza njoka. Kuloza chala ndi limodzi la machimo akale kwambiri a mtundu wa anthu. Mu Levitiko 16 timawerenga za mbuzi imene mkulu wa ansembe amaisenzetsa zolakwa za Aisrayeli onse, naipirikitsira kuchipululu. Ife Akhristu timakhulupirira kuti mwambo umenewo unakwaniritsidwa mwa Ambuye Yesu, amene anasenza machimo athu kamodzi kokha. Nanga bwanji tikufunabe mbuzi ina Loweruka lililonse, ndi kusankha mwana wa mnzathu kuti apite kuchipululu m'malo mwathu?

Pofuna kupeza choona, ife akulu a mpingo angapo tinakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi mphunzitsi wa anyamatawo ndi mtsogoleri wao, ndipo tinalondola zigoli zisanu zija chimodzi-chimodzi, monga mlenje alondola mapazi a nyama. Zimene tinapeza zinatichititsa manyazi.

Ziwiri zinalowa chifukwa otchinga kumbuyo anasiya mdani ali yekha pafupi ndi golo. Otchingawo anali achilendo pa malo amenewo, pakuti anyamata awiri odziwa ntchitoyo anali atapita ku Joni kukafuna ganyu, monga achitira achinyamata ambiri a m'boma lino la Machinga. Chachitatu chinali penate, imene mmodzi mwa osewera anaipereka chifukwa cha kupsa mtima. Chachinai chinalowa kumapeto, pamene osewera pakati anali atatheratu mpweya, nangoyenda m'bwalo manja ali m'chiuno. Chimodzi chokha ndicho chinali cha goloboyi: mpira wofewa unamupulumuka m'manja.

Tinafunsanso za kukonzekera. Mwezi wonse timuyo inakumana kawiri kokha, popeza mpira wao unaphulika ndipo ndalama za wina, zimene komiti yathu inalonjeza, zinachedwa. Mnyamatayo anaikidwa pagolo chifukwa ndi wamtali kuposa anzake, koma palibe munthu anamuphunzitsapo kaimidwe ka pagolo, nthawi yotuluka kukakumana ndi mdani, kapena kalankhulidwe kolangiza otchinga kumbuyo. Tsikulo analawirira kumunda, nafika pabwalo ali ndi njala. Apa tinakumbukira Eksodo 5, pamene Farao analeka kupatsa Aisrayeli udzu, koma nafunabe njerwa zochuluka monga kale, ndipo zitaperewera akapitao a Aisrayeli anakwapulidwa. Tinazindikira kuti pa nkhani iyi Farao tinali ife.

Tisamveke ngati tikuti palibe wolakwa. Chikondi chimene chimabisa cholakwa chilichonse chimalera ulesi, ndipo mnyamata amene sauzidwa pamene waphonya sadzakula m'luso lake. Chigoli chimodzi chija ndi chake ndithu, ndipo ayenera kuchivomera monga mwamuna. Chimene tikunena n'chakuti mlandu uyesedwe ndi muyeso woona, aliyense asenze mtolo wake wa iye mwini, wosachepa ndi wosapitirira. Poyesapo pali mafunso atatu oyenera kufunsa tisanatsegule pakamwa. Kodi munthuyu anapatsidwa ntchito yanji? Kodi anaphunzitsidwa ndi kupatsidwa zomuyenereza? Nanga amene anamuika pa ntchitoyo, ndi amene amamuzungulira, anachita mbali yao?

Tikafunsa motere, mlandu umayamba kukwera m'mwamba. Umafika kwa mphunzitsi, amene amasankha woima pamalo paliponse, ndi kuona pamene wosewera watopa. Umafika kwa atsogoleri, amene amasunga thumba ndi kukonza nthawi. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene alandira ulemu wa utsogoleri alandirenso gawo lalikulu la mafunso zinthu zikalakwika. Koma pano tichenjerenso, pakuti ochemerera ali ndi chizolowezi china, chochoka pa goloboyi ndi kulumphira mphunzitsi, nafuula kuti achotsedwe lero lomwe. Uku ndi kungosintha mbuzi, mwambo uli womwewo. Ngakhale Kinnah Phiri, amene anatipititsa ku Angola, anachotsedwa ntchito mu 2013, koma kunatitengera mpaka Januwale 2022 kuti tionekerenso pa mpikisano umenewo.

Mbiri yathu imaphunzitsa kuti chimene chimatseka golo ndi ntchito ya nthawi yaitali ya anthu ambiri. Mu 1962, dziko lino likutchedwabe Nyasaland, Ghana inatigonjetsa 12 kwa 0. Ndani angakhulupirire kuti kusintha goloboyi yekha kukanachotsa manyazi otere? Patapita zaka 16, mu 1978, Malawi anatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa pansi pa mphunzitsi Ted Powell, nachitenganso mu 1979. Pakati pa zaka zimenezo panali kuphunzitsa, kulera osewera kuyambira m'masukulu, ndi kupirira. Ndiponso pa 18 Januwale 2022 ku Bafoussam m'dziko la Cameroon, Flames inalepherana mphamvu 0 kwa 0 ndi Senegal ya Sadio Mané, timu imene inadzatenga chikhocho. Goloboyi Charles Thomu anatamandidwa kwambiri, ndipo kunali koyenera. Koma amene anaonera amakumbukira kuti anzake khumi anathamanga ndi kutchinga mpaka kherere womaliza. Ngati golo lotsekeka ndi ntchito ya onse, golo lotseguka lingakhale bwanji mlandu wa mmodzi? Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga likagwa sitifunsa mutu umodzi.

Mtumwi Paulo, mu 1 Akorinto 12, anafanizira mpingo ndi thupi la ziwalo zambiri, zimene zimamva kuwawa pamodzi ndi kukondwa pamodzi. Phunziro limeneli tilitenge kupita nalo kwathu, chifukwa m'nyumba iliyonse muli goloboyi. Ndi mwana amene walephera mayeso a Sitandade 8, pamene chaka chonse tinamujombetsa kuti akaingitse mbalame m'munda wa mpunga. Ndi mtsikana amene wapsereza ndiwo ali ndi khanda la amai ake kumbuyo ndi mtsuko wa madzi ukumudikira. Ndi mai amene amafunsidwa za ufa umene watha, pamene chimanga anagulitsa ndi bambo nthawi yokolola. Ndi msungichuma wa mpingo kapena mbusa amene timamunena kuti ntchito yaima, ife titabweza dzanja pa chopereka. Onsewa aima pamalo pamene cholakwa chimaonekera, ngakhale chinabadwira kwina.

Kwa inu makolo tikuti: musadzudzule mwana pa gulu mtima uli m'mwamba. Ambuye mu Mateyu 18 anatilangiza kuti wolakwa ayambe wauzidwa pa awiri. Dikirani adye, agone, ndipo m'mawa mufunseni kuti zinayenda bwanji. Nenani cholakwacho kamodzi, momveka, ndipo muonetseni njira yokonzera. Ngati mbali ina ya mlandu ndi yanu, ivomereni pamaso pake, pakuti mwana amene waona bambo wake akupepesa waphunzira chinthu chimene palibe sukulu ingamuphunzitse.

Kwa inu achinyamata tikuti: chigoli chikalowa, woyamba kufika pagolo akhale mnzake wodzamudzutsa, osati womutukwana. Ndipo iwe amene uima pagolo, m'bwalo kapena m'nyumba, vomera chako, usasenze cha ena, ndipo usathawe abale ako. Mtengo wako pamaso pa Mulungu suwerengedwa ndi zigoli.

Akulu a mpingo awiri anapita kukacheza ndi banja lija madzulo ena. Bambo anakhala chete nthawi yaitali atamva za zigoli zisanu zija, kenaka anaitana mwana wao, namuuza kuti, "Mwana wanga, ndinakulakwira pamaso pa anthu." Komiti inagula mpira, ndipo mphunzitsi wina wa sukulu, amene anaimapo pagolo pa unyamata wake, anadzipereka kumuphunzitsa Lachitatu lililonse. Sabata yotsatira malo aja m'kwaya anadzaza. Timu yathu yagonjanso kuchokera pamenepo, ndipo idzagonjabe masiku ena, chifukwa ndi m'mene masewera alili. Koma tsopano pobwerera kumudzi anyamatawo amayenda pamodzi.

Pa mapemphero a banja mwezi uno werengani Agalatiya 6:1-5, ndipo aliyense anene mtolo umodzi umene ndi wake, ndi wina umene angathandize mnzake kusenza. Ambuye akudalitseni nonse kufikira tidzakumanenso mwezi wamawa.