Mgodi wayambanso ku Karonga, nanga ife atsikana takhala pati?

Kwathu ku Vinthukutu chitukuko timachionera m'mbali mwa msewu. Matanka a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi malole a katundu amangodutsa pa M1 kulowera ku Chiweta, azimayi ali ndi mabeseni a mpunga ndi usipa kudikira kuti mwina wina aima. Ndiye pamene mgodi wa uranium wa Kayelekera, m'boma lathu lomweli, wayambanso mu 2025 m'manja mwa kampani ya Lotus Resources, nkhani ili pakamwa ndi yomwe ija: ntchito zabwera, ndalama zabwera. Koma asisi, zabwera kwa ndani?

Tiyeni kaye ku America, dziko limene timalisirira lija, nthawi imene mafakitale ake ankakula. Ku New York atsikana ambirimbiri ankasoka mabulauzi, ambiri mwa iwo obwera, ochokera ku Italy komanso Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya. Mu Novembala 1909, pa msonkhano umene atsogoleri ankangozungulira nkhani, Clara Lemlich wa zaka 23 anakwera pansanja n'kunena kuti basi, tinyanyale ntchito. Anthu pafupifupi 20,000 anasiya makina. Mafakitale ambiri anagonja, koma eni ake a Triangle Waist Company anakaniratu kuvomereza bungwe la antchito.

Pa 25 Malichi 1911 moto unabuka ku Triangle komweko. Chitseko china chotulukira chinali chokhoma, ati kuopa kuti atsikanawo angabe nsalu. Anthu 146 anafa, 123 mwa iwo azimayi ndi atsikana, ena a zaka 14 zokha. Ena anachita kudumpha pazenera. Eni fakitale, Max Blanck ndi Isaac Harris, khoti linawapeza osalakwa, ndipo onse amene anagamula mlanduwo anali azibambo. Mukudabwa? Nthawi imeneyo mzimayi wa ku New York sankavota n'komwe.

Chimene chimandikhudza ine ndi ichi: chuma cha America chinali chitakula kale, koma sichinatsegule chitseko chija. Anachitsegula ndi anthu amene anakana kukhala chete. Maliro atatha, boma la New York linakakamizika kuyendera mafakitale n'kukhazikitsa malamulo oposa 30 oteteza antchito. Azimayi a ku New York anapeza ufulu wovota mu 1917, dziko lonse mu 1920 (ngakhale azimayi akuda ambiri a kum'mwera anatsekerezedwabe mpaka 1965, tisaiwale). Frances Perkins, amene anaona motowo ndi maso ake, anadzakhala nduna ya zantchito mu 1933, mzimayi woyamba kukhala nduna m'dzikolo.

Tibwerere kwathu. Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la migodi ya ku Karonga. Linapeza mabanja osamutsidwa popanda chipukuta misozi chokwanira, ndi anthu osauzidwa chilichonse za madzi amene akumwa. Ku Mwabulambo, kampani ya Eland inachoka mu 2015 n'kusiya maenje a malasha ali pululu. Nanga madzi akaipa amayenda mtunda wautali ndi ndowa ndani? Mwana akadwala amagonera kuchipatala ndani? Koma ndalama ya munda ikatuluka imalembedwa dzina la "mutu wa banja", ndipo kuno kumpoto tikudziwa kuti mutuwo kawirikawiri ndi bambo.

Sindikunena kuti migodi itsekedwe ayi. Ntchito tikuzifuna, tena kwambiri. Kuyambira mu 2019 malamulo a migodi amati kampani yaikulu izichita mgwirizano wa chitukuko ndi anthu ozungulira mgodi. Zabwino. Koma ngati pa msonkhano azibambo akhala pa mipando, ife pa mphasa kumbuyo kudikira nthawi yovina alendo akafika, mgwirizanowo ulemba zofuna za ena. Tikufuna mayina a azimayi m'makomiti, zotsatira za kuyeza madzi zimatidwe poyera m'Chitumbuka ndi m'Chingonde, komanso atsikana aphunzitsidwe kuyendetsa makina, osati kumangophikira oyendetsawo.

Inu amene muli ku Karonga Boma, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, alipo anauwerengapo mgwirizano wa ku Kayelekera? Mutiuze, anasainapo azimayi angati?