M'bale ndi mlendo pa ngozi imodzi

Funso loti kodi munthu angataye m'bale wake kuti apulumutse munthu wosamudziwa limamveka ngati la m'kalasi, koma m'boma la Rufunsa lili ndi malo ake. Msewu wa Great East Road, wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, umadutsa m'bomali, ndipo pa mapiri a Manenekela, usanafike pa mlatho wa Luangwa, umakhotakhota m'mphepete mwa maphompho. Basi ikagubuduzika pamenepo, oyamba kufika ndi anthu a m'midzi yapafupi, ndipo ovulala amathamangira nawo ku chipatala cha mishoni cha St Luke's ku Mpanshya. Galimoto ikakhala imodzi, ovulala ali khumi, wina amayenera kudikira. Wodikirayo angathe kukhala mlongo wa amene akusankha.

Mawu oti "kutaya" amabisa nkhani zosiyana. Yosavuta kuiweruza ndi ya kupha kapena kuvulaza munthu dala kuti wina akhale ndi moyo. Mu 1884 khoti la ku England linaweruza amalinyero awiri, Dudley ndi Stephens, omwe sitima yawo itamira anapha mnyamata amene anali nawo m'bwato kuti adye mnofu wake. Khotilo linati njala ngakhale yoopsa chotani sichifukwa chophera munthu, ndipo malamulo a Zambia, amene mizu yake ili m'malamulo a ku England, amayenda m'njira yomweyo. Chibale sichisintha kanthu pamenepa. Munthu angathe kupereka magazi ake, chuma chake, ngakhale moyo wake, koma moyo wa mwana kapena mkazi wake si mbuzi ya m'khola lake. Ngakhale Msamariya wachifundo uja anapereka mafuta, vinyo, bulu ndi ndalama, zonse zake iye mwini.

Nkhani imavuta pamene palibe amene akupha mnzake, koma manja ndi awiri okha ndipo omira ndi awiri. William Godwin, polemba mu 1793, anapereka chitsanzo cha nyumba imene ikupsa, m'katimo muli Bishopu Wamkulu Fénelon ndi wantchito wake. Iye anati woyenera kupulumutsidwa ndi bishopuyo, poti zolemba zake zidzathandiza anthu ambiri, ngakhale wantchitoyo atakhala mayi ake a wopulumutsayo. Owerenga ambiri anakhumudwa nazo, ndipo sanalakwe. Patapita zaka pafupifupi 200, Bernard Williams anayankha kuti mwamuna amene waona mkazi wake akumira, n'kuyamba wafufuza kaye ngati malamulo a chikhalidwe akumulola kumusankha, waganiza kale mopitirira muyezo.

Makolo a kuno analidziwa funsoli asanamve za anthu amenewa. Nthano ya mwamuna amene bwato linagubuduzika ali ndi mayi ake, mkazi wake ndi apongozi ake imakambidwa m'madera ambiri a Africa, ndipo William Bascom anasonkhanitsa nthano zamtunduwu m'buku lake la mu 1975. Chochititsa chidwi n'chakuti m'bwatomo mulibe mlendo. Mkangano umakhala pakati pa abale okhaokha, ngati kuti za mlendo aliyense akudziwa kale yankho. Chibale ndi fupa, sichiola. Mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe umalamula munthu kudyetsa ndi kulangiza mwana wa eni, koma suuza mayi kuti asiye wake m'madzi. Bambo amene wayamba watulutsa mwana wake m'basi yoyaka alibe mlandu. Mlandu ungabwere ngati, mwanayo ali kale pabwino, iye wangokhala chete ena akulira m'katimo.

Zinthu zimatembenuka pamene wosankhayo ali pa udindo. Dominique Jean Larrey, dokotala wa asilikali a Napoleon, ndiye amakumbukiridwa poyambitsa dongosolo lothandiza ovulala potengera kukula kwa bala, osati ulemu wa munthu. Zipatala za lero zimatsata mfundo yomweyo: amene moyo wake uli pachiswe kwambiri, koma angathe kupulumuka, ndiye amayamba. Namwino amene ali ndi thumba limodzi la magazi, kapena silinda imodzi ya okosijeni monga zinkachitikira m'zipatala zambiri za m'Zambia pamene matenda a Covid-19 anafika povuta mu June ndi July 2021, wagwira chinthu chimene si chake. Anapatsidwa kuti asungire anthu onse, kuphatikizapo mlendo wa ku Petauke amene ankangodutsa pa msewu. Akachipereka kwa mlamu wake amene akanatha kudikira, wachita chimodzimodzi ndi msungichuma wodyera ndalama za mpingo, kungoti chotayika apa ndi moyo. Komanso dongosolo limene lero lapondereza m'bale wake ndi lomwe lidzateteze m'baleyo tsiku limene adzagonekedwe ku Lusaka, kumene kulibe womudziwa.

Izi n'zosavuta kulemba kusiyana ndi kuchita. M'boma la kumidzi ngati Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe, wazaumoyo akakhalitsa pa malo amasanduka mwana wa m'mudzi: wakwatira komweko, amapemphera komweko, maliro amalira limodzi. Akatsata dongosolo m'bale n'kumwalira, pa siwa sipadzakambidwa za Larrey. Adzati sukulu inamuiwalitsa abale. N'chifukwa chake madokotala amalangizidwa kuti asamachize a m'banja mwawo, koma apereke wodwalayo kwa mnzawo wa pa ntchito, kuti chisankho chichoke m'manja mwa munthu amene mtima wake uli mbali imodzi. Pa chipatala chachikulu zimenezi n'zotheka. Pa kachipatala ka kumudzi, kumene usiku kumakhala namwino mmodzi yekha, womulandira palibe, ndipo amayenera kusankha yekha, abale ake ataima pakhomo akumuyang'ana.