Kuyesa kawiri chinthu chosasintha sikusamala ayi

Pali mawu amene afala pakati pa olemba mapulogalamu a kompyuta, ku Lilongwe ngakhalenso ku Maputo. Akuti makina aziyesa pulogalamu yonse nthawi iliyonse munthu akaikhudza, ngakhale atangokonza liwu limodzi mu README, chikalata chongofotokozera pulogalamuyo. Ati kumeneko ndiye kusamala. Ife tikukana.

Nkhawa yawo tikuimva. Ziwerengero za odwala malungo a m'midzi yozungulira nyanja ya Amaramba, ku Mozambique, zimakathera mu DHIS2, pulogalamu imene maunduna a zaumoyo a Mozambique ndi Malawi amadalira. Pulogalamu yotere ikalakwitsa, mankhwala akhoza kupita kolakwika. Kuyesa nkofunika, palibe akutsutsa.

Koma taonani zimene zimachitika pa GitHub Actions, makina a GitHub amene amayendetsa mayesowa. Mukauza makina kuti aziyesa pa push komanso pa pull_request, ndiye kuti kusintha kumodzi pa nthambi imene ili ndi pull request kumayesedwa kawiri. Mukatumiza zosintha zitatu motsatizana, mayeso a ziwiri zoyambazo amapitirirabe, chonsecho ntchitoyo yalowedwa kale m'malo. Thumba la mpunga likachoka pa sikelo, kulibwezeraponso asanalimasule sikuwonjezera chilungamo, kumangotalikitsa mzere.

Ndipo mzerewo uli ndi mtengo wake. Pa akaunti yaulere, GitHub imapereka mphindi 2,000 zokha pamwezi zoyesera mapulogalamu osaonekera kwa anthu onse. Kagulu ka achinyamata kopanda wokathandiza ndi ndalama kakazimaliza pakati pa mwezi, kamayamba kutumiza ntchito yosayesedwa nkomwe. Choopsa chenicheni nchimenechi. Komanso munthu akadikira zotsatira nthawi yaitali amatopa, nkusiya kuziwerenga.

Makampani akuluakulu anazindikira kale. Google imayesa mbali zokhazo zimene kusinthako kwakhudza, ndipo mu 2018 Facebook inafotokoza njira yake yosankhira mayeso amene angapezedi vuto.

Chithandizo chake nchapafupi. Push iziyesedwa pa nthambi yaikulu yokha, zina zonse zidikire pull_request. Ikani cancel-in-progress kuti mayeso akale azizimitsidwa atsopano akayamba, ndi paths-ignore kuti zolemba zongofotokozera zisadzutse makina. Nzoona kuti kusankha mayeso kukhoza kuphonya vuto lobisika, nchifukwa chake mayeso onse athunthu aziyenda usiku uliwonse, komanso pulogalamu isanatumizidwe kuzipatala.